Waya Wofiira ndi Wakuba Matimati

Lolemba, Ogasiti 1995

Matimati anga akusowa kuseri kwa nyumba. Chaka changa choyamba kulima, ndipo wina akuthyola asanapse n'komwe! Ndikukayikira a Tembo, chifukwa mpanda wathu ndi umodzi, komanso masiku ano akunenepa. Kutchalitchi timakhala benchi imodzi kuyambira kalekale, koma dzulo sindinawapatse moni. Ndikawagwira, nkhaniyi ikafika kwa akulu a mpingo.

Mlamu wanga wa ku Kitwe watumiza zida: kabolodi kodzaza timabowo, mawaya, batire, kabelu, ndi kadiso koona kuwala. Munthu akadutsa, mthunzi wake ugwera pa kadiso, belu n'kulira. Ine ndinaphunzitsa sayansi ku Chiparamba mpaka kupuma ntchito. Izi n'zazing'ono.

Lachiwiri

Mlamu wajambula pa katoni: waya wofiira ku batire, wobiriwira ku kadiso, wakuda kubwerera ku batire. Wakuda ndikuuona bwinobwino. Awiri enawo akufanana ngati mapasa. Mafakitale a masiku ano akuumira utoto!

Ndikulowetsa mawaya m'timabowo mongoganizira. Belu lili zii.

Amai a Tamara akuti: "Bambo a Tamara, tebulo ili n'lodyerapo, si garaji."

Lachitatu

Ndasinthanitsa mawaya. Tsopano belu likulira osaleka, popanda mthunzi uliwonse. Ndikadutsitsa dzanja pa kadiso, likukhala chete. Kodi ndapanga makina ogwira munthu amene palibe?

Ndasinthanso. Kafungo ka pulasitiki wopserera. Mphaka wathawa.

A Tembo akufuula pampanda: "Aphunzitsi, matimati anu apsa bwino chaka chino!" Apsa? Apsa kuti? Kuba abe, chipongwe achitenso. Mtima ukundiwawa, chifukwa munthuyu anandinyamulira maliro a amai anga.

Lachinayi

Ndikupempha amai a Tamara kuti andipatsire waya wofiira. Akundipatsa wobiriwira. Ndikuwabwezera. Akundipatsanso womwewo.

"Wofiira ndi uwu," akutero.

Ndikuwafotokozera mofatsa kuti sayansi ndinaphunzitsa ndine. Akundifunsa kuti chitenje chimene avala ndi chamtundu wanji. Ndikuti chobiriwira, ndinagula ndekha kumsika wa Kapata. Akhala pansi. Akuseka mpaka misozi, osandiuza chifukwa.

Sindikumvetsa kalikonse. Tiyi wazizira.

Lachisanu

Amai a Tamara aitana mboni. Mwa anthu onse a kuno ku Nabvutika, aitana a Tembo! Wakuba walowa m'nyumba mwanga, wakhala pa mpando wanga, wanyamula waya wanga.

"Uwu ndi wofiira, aphunzitsi. Psuu, ngati tomato uyo ali pafupi ndi mpandayo."

Ndikusuzumira pawindo. Tomatoyo ndi masamba ake, kwa ine mtundu ndi umodzi.

Mafunso a lero:
Kodi agwirizana awiriwa?
Ngati sanagwirizane, choko chofiira chija ndinkalembera pabolodi chinali chamtundu wanji?
Nanga n'chifukwa chiyani ana a sukulu ankaseka ndikajambula magazi?

Loweruka

Tagawana ntchito. Amai a Tamara akusankha mawaya, ine ndikulowetsa m'timabowo. Dzanja pa kadiso: ngriii! Kuchotsa dzanja: zii. Zikugwira ntchito! Ndakhazika makina pa njerwa pakhomo la dimba, ndakhala m'nyumba kudikira.

Dzuwa lisanafike pamutu, belu likulira. Ndikuthamanga ndi patapata mmodzi, m'manja mpini wa khasu.

Ndi amai a Tamara, beseni la matimati lili m'manja, ladzaza theka.

"Nanga matimati a m'ndiwo mumadya tsiku lililonse aja mumati amachokera kuti? Ndikadikira inu kuti muone kuti apsa, aolera pomwepo."

A Tembo akusuzumira pampanda, akufunsa ngati wakuba wagwidwa. Ndikuti eya. Sakufunsa kuti ndani. Nanenso sindikuwauza amene ndinkamuyembekezera, koma manyazi andigwira.

Lamulungu

Ndakhalanso pa benchi yathu. Moni ndayamba ndine, ndi manja awiri. A Tembo akunong'oneza kuti jekete langa lofiirali mpingo wonse unalizolowera kale. Ine ndimati ndi la khofi. Ndakhala ndikupita nalo kumaliro.

Batire ndachotsa, ndaika mu wailesi. Kabolodi kali pamwamba pa kabati.

Madzulo ndikupita kwa a Tembo ndi mbale ya matimati. Akudabwa kuti n'za chiyani, ine ndikungoti landirani. Akuti ndi ofiira bwino kwambiri. Ndikuvomera. Asankha ndi amai a Tamara, ine ndangonyamula.