Ng'oma Ziwiri za Amalume a Zuze

Lolemba

Losa waimba foni m'mawa uno kuchokera ku Guruwe, ku Mozambiki. Akubwera Loweruka, ndipo Lamulungu anyamula bambo ake, amalume anga a Zuze. Akuti: "Msuweni, wawasunga mokwanira. Bambo akakalambire kwawo."

Kwawo kuti? Zaka zonsezi ali konkuno ku Nselema. Anabwera ndi mayi anga nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana. Akazi awo ndi Losa atabwerera, iwo anatsalira mbumba. Mayi atamwalira anandilera ndi iwo, makina osokera ndikudyerawa anandigulira ndi iwo. Lero munthu angoimba foni basi, n'kudzanditengera amalume ngati khasu lobwereka? Iyayi.

Vuto n'loti eni ake sangadziyankhire. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha salankhula, ndipo dzanja lamanja linafa. Amangokhala pampando wansungwi pakhonde, pafupi ndi makina anga, maso ali kumsewu. Koma zala zakumanzere sizipuma. Du-du-pa, du-pa, pamkono wa mpando, tsiku lonse.

Ine ndikudziwa chimene zalazo zikuimba. Ndi salsa. Ali mnyamata anawatumiza kusukulu ku Cuba, ndipo nkhani zake tinakula nazo: nyanja mbali zonse, malipenga, anthu ovina pamsewu masanasana. Atafika kuno anasema ng'oma ziwiri zonga zakumeneko. Yaikulu amaitcha Mkazi, yaing'ono Mwamuna. Kaseti yawo inatafunidwa ndi wailesi kalekale.

Pulani yanga:
1. Kupeza salsa yakale, yeniyeni, ya malipenga.
2. Kutulutsa ng'oma kuseri kwa matumba a chimanga.
3. Kuphunzira kuimba motsatira nyimboyo. Masiku asanu ndi ambiri.
4. Loweruka, Losa akuona, nyimbo ilira, ine ndigwira ng'oma, amalume amwetulira. Mwina adzuka. Mwina anena okha kuti "sindipita".
5. Losa abwerera ndi chikwama chake chokha.

Ndikuziona kale. Amalume avala suti yoyera, fumbi la pabwalo lasanduka mchenga, mbuzi za achimwene oyandikana nafe zikuyang'ana mwaulemu.

Mayi a Chisomo, akazi anga, amva pulani yonse akupeta mpunga. Akuti: "Nanga masuti anayi a anyamata otuluka kusimba la chinamwali Lamulungu asoka ndi a ku Cuba?"

Lachiwiri

Ndapita kumsika, kwa Che Yusufu oika nyimbo m'mamemole a foni. Andifunsa dzina la woimba. Sindikulidziwa. Dzina la nyimbo. Sindikulidziwa. Akuti: "Ndiye imbani timve."

Ndaimba. Ine, telala wamkulu, bambo wa ana atatu, ndaima pakhomo la kanyumba kawo n'kumati du-du-pa, du-pa, kenako n'kuika chibakera pakamwa kuti likhale lipenga. Amayi ogulitsa tomato asiya kuitanira makasitomala. Che Yusufu agwedeza mutu ngati dokotala, akuti imeneyo ali nayo yambiri.

Kunyumba ndiyatsa. Rumba ya ku Congo! Magitala okhaokha, lipenga ndi limodzi lomwe palibe. Amalume atembenuza maso n'kumayang'ana nkhuku. Mayi a Chisomo ndiye asesa bwalo lonse akuvina, akuti salsa yangayi ndi yabwino, ndikaonjezere ina.

Ng'oma ndazitulutsa. Zimene ndapeza:
Mwamuna ali bwinobwino, fumbi lokha.
Mkazi chikopa chalefuka, akulira ngati thumba la chinangwa. M'kati mwake makoswe anamangamo mudzi, ndapezamo zitsononkho ndi tepi yanga yoyezera imene ndinamukalipira Chisomo kuti wataya.

Nditazibweretsa pakhonde amalume aziyang'ana nthawi yaitali. Zala zaima kaye, kenako zayambanso mwamphamvu. Pulani ikuyenda.

Masuti: ndadula imodzi. Ndikamaponda makina phazi likumatsatira zala za amalume, ndiye mzere ukumapita kumene ukufuna.

Lachitatu

Ndawamba Mkazi pamoto wa mapesi mpaka chikopa chakungika. Tsopano akuyankha. Poti nyimbo sindinaipeze, mphunzitsi akhale zala za amalume.

Ndiyamba pang'onopang'ono. Du-du-pa, du-pa. Zikutheka. Nditseka maso. Kamphepo ka Ogasiti kasanduka ka kunyanja. Nyumba zazitali zopaka mitundu, amayi a maluwa m'tsitsi, sitima yapamadzi ikulira kutali. Ine ndili pakati pa gulu, malaya oyera, manja akuuluka okha. Anthu akuimba nthungululu.

Nthungululuzo n'zenizeni. Nditsegula maso, bwalo ladzaza amayi, zitenje m'chiuno, fumbi kobo. Manja angawa, amene anakulira pakati pa Ayao, anathawa ku Cuba kalekale n'kubwerera ku manganje. Ndipo ino ndi nyengo ya zinamwali. Ng'oma ya manganje ikalira masana, aliyense amadziwa kuti anyamata akutuluka.

Abiti Saidi, oyandikana nafe, akupuma wefuwefu: "Atelala, atuluka lero? Bwanji osatiuza? Nkhuku sindinagwire."

Mayi wina wathamangira kudimba kukaitana amuna awo. Bambo wa mmodzi mwa anyamatawo afika panjinga kudzatenga suti, n'kupeza jekete yopanda mikono. Ayiyang'ana, andiyang'ana, akwera njinga yawo n'kumapita.

Madzulo kwafika uthenga wa anakanga, mkulu wa kusimba. Ng'oma yanga isamvekenso pabwalo mpaka Lamulungu. Ndapepesa. Ndiziimbira m'nyumba, zitseko zotseka, nditayala nsalu pachikopa.

Chinthu chimodzi chokha: pachipwirikiti chonsecho mapewa a amalume amagwedera. Mayi a Chisomo akuti chinali chifuwa. Ine ndikulemba kuti amaseka.

Lachinayi

Liwonde. Kumeneko kuli makompyuta akuluakulu, salsa singasowe.

M'minibasi atidzaza anayi pampando wa atatu, dengu la usipa lili pamiyendo panga. Ndikuyeserera kuimba pachivindikiro cha dengulo. Mwini wake akuti ndikatha ndimuuze, afuna agone.

Malo atatu, kuimba katatu, chibakera pakamwa katatu. Zimene ndapatsidwa:
Poyamba, nyimbo za m'mafilimu a chimwenye.
Pachiwiri, bande ya malipenga yoguba. Malipenga alimodi, sindingatsutse.
Pachitatu, mzungu wamkazi akuwerenga wani, thuu, firii, anthu akudumpha kuti achepetse mimba. Woikayo akulumbira kuti anthu a m'tauni salsa yawo ndi imeneyi.

Ndakakhala pamlatho wa Shire ndi chimanga chootcha. Namasupuni akuyandama m'magulumagulu, tizilumba tobiriwira tikupita kumunsi mosafulumira. Ndasankhapo kamodzi n'kukatcha Cuba. Ndaikapo amalume ali anyamata, tsitsi lambiri, manja onse awiri amoyo. Ndaikaponso ine, sindikudziwa ndikutani, mwina ndikuwasokera malaya. Kachilumbako kakafika pazitseko za madzi n'kukanirira pamodzi ndi zigubu zakutha.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, bukuli ndi langa. Sindikudziwa kuti khonde lija lidzakhala lotani popanda munthu pampando paja.

Mlonda wina wachikulire pamlatho wamva nyimbo yanga yachibakera. Akuti ku Balaka, kuseri kwa siteshoni, kuli a Kamwendo amene ankayendetsa sitima ya ku Nacala. Akuti ali ndi mbale za galamafoni za zinenero zosamveka.

Masuti: lero zero. Mayi a Chisomo aika mabatani onse m'mbale yanga yodyera.

Lachisanu

Balaka. Dzuwa, fumbi, njinga za kabaza. A Kamwendo ndawapeza pansi pa mtengo wa nimu, mdala wamtali wa ndevu zoyera. Nditangoti du-du-pa alowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni.

Ilipo! Mbale yakuda, yolemera, anaigula kwa amalinyero padoko. Pachikuto pali amuna asanu ndi awiri a masuti oyera, malipenga m'manja, ndipo kutsogolo ng'oma ziwiri zazitali, Mkazi ndi Mwamuna enieni. Ndawerenganso mabatani a masutiwo, atatuatatu, kolala yotambalala.

Ndipempha kuti tiimve. A Kamwendo akuti: "Galamafoni inafa chaka chimene ndinapuma ntchito."

Ndiye takhala amuna awiri akuluakulu, mbale ili pakati pathu, tikuiyang'ana. Iwo aiika pachala n'kumaizunguza, akung'ung'udza mmene akukumbukira. Ine ndikuimba patebulo. Kwa kanthawi ndithu ndamva malipenga, sindikunama.

Atipulumutsa ndi akazi awo, namwino wopuma. Avala magalasi, akopera mayina a pachikuto mufoni yanga chilembo chimodzichimodzi, akudandaula kuti amuna akakalamba amasanduka ana. Nyimbo zapezeka pa intaneti. Yoyamba yalowa yonse. Yachiwiri yafika pakati, bandulo yatha. Nyimbo imodzi ndi theka. Zikwana.

Ulendo wonse wobwerera foni ili kukhutu. Piyano ikuthamanga, chitsulo chikugogoda, malipenga akukwera ngati akufuna kuboola denga la minibasi. Ng'oma zake zikucheza, ina ikufunsa ina ikuyankha. Kukoma kwake! Koma pali kanthu. Ndikayesa kuikamo du-du-pa ya amalume, sikulowa bwino. Ikutsalira ngati mkono wa jekete ina pajekete ina. Mwina ndi makutu anga. Mwina ili mu theka linatsala lija.

Amalume sindinawamvetsere. Zikhale za mawa, pamaso pa Losa.

Loweruka

Losa wafika masana ndi galimoto yahayala. Wanenepa, akuseka ngati kale. Akuti: "Amuna anga, mwaonda. Akukumanani chakudya kuno?" Chisuweni chimenecho. Wagwada kwa bambo ake, wawagwira dzanja lakufalo n'kuliika patsaya lake. Ndayang'ana kumbali.

Titadya, ndalowetsa onse m'nyumba, ndatseka zitseko monga analamulira anakanga. Foni ndaiika m'poto kuti mawu akule. Ndavala malaya oyera a kutchalitchi.

Malipenga alira. Ine ndalowa mochedwa, ndathamangira, ndapitirira, ndabwerera. Thukuta. Maso anga ali pa amalume. Zala zawo zaima. Apendeketsa mutu, akumvetsera mwaulemu ngati mmene munthu amamverera mlendo amene anakumana naye kale paulendo. Kamwetulira pang'ono kabwera, sindikukana. Nyimbo yachiwiri isanafike podukira, agona. Mkonono.

Losa akuti: "Mwaimba bwino, amuna anga. Mpaka mwana wagona."

Ndatuluka. Ndakakhala pamakina, ndasoka thalauza ziwiri mokwiya.

Chakumadzulo amalume tawabwezera pakhonde. Losa wakhala pamkeka akusenda nandolo m'beseni. Wayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya Chilomwe, ya tchopa, gule wa kwawo ku Guruwe, akugogoda m'mbali mwa beseni ndi chala. Ine tchopa ndimangomuonera patali, ndinakulira manganje.

Du-du-pa, du-pa.

Phazi langa laima pamakina. Ndayang'ana beseni, ndayang'ana zala za amalume. Ndayang'ananso. Chimodzimodzi, osatsala, osapitirira. Maso awo ali gaa, achoka kumsewu, ali pa mwana wawo. Kenako dzanja lamanzere lanyamuka, likuloza Mkazi. Ndawabweretsera, ndaigwira pakati pa mawondo awo. Aimba ndi dzanja limodzi. Kukhosi kwawo kwatuluka mawu, osati olankhula, koma nyimboyo ndithu, mawu oyamba chaka chonsechi. Misozi ikutsikira m'ndevu.

Lamulo la anakanga taliiwala tonse. Amayi abweranso, koma ulendo uno angoima kumpanda. Abiti Saidi agwira pakamwa.

Chaka chathunthu munthu ali pambali panga akundiuza kumene mtima wake uli. Ine ndimamva Cuba, chifukwa Cuba ndi kutali, sakanatha kubwererako n'kundisiya.

Lamulungu

Anyamata atuluka kusimba. Manganje enieni, a eni ake, fumbi mpaka kumsika. Masuti anayi onse avalidwa. Imodzi mwendo wakumanzere ndi waufupi, ina mabatani ndi amitundu iwiri. Makolo akuti tidzakambirana. Tidzakambiranadi.

Amalume ndawameta ndevu ndekha, ndawaveka jekete yawo yakale. Ndawafunsa pang'onopang'ono, Losa ali kutali: "Amalume, mukufuna kupita?" Andigwira dzanja, alifinya, maso ali pagalimoto. Basi. Sindinafunsenso.

Ndawanyamula kuwakweza. Apepuka ngati mtolo wa nsalu. Ndabweretsa ng'oma zonse ziwiri kuti zipite ndi mwini wake. Mkazi amukumbatira. Nditati ndikweze Mwamuna, atulutsa phazi lamanzere n'kumukankhira kwa ine. Ndayesanso, akankhanso, mpaka ng'oma yagubuduka m'fumbi. Losa akuti: "Mwamva, amuna anga. Musalimbane ndi akuluakulu. Mudzabwere nayo pa Khirisimasi, zidzaonane."

Galimoto yapita. Mayi a Chisomo alowa m'nyumba msangamsanga, akuti m'maso mwalowa fumbi.

Zimene ndatsala nazo:
Rumba ya ku Congo.
Bande yoguba.
Mzungu wa wani, thuu, firii.
Salsa imodzi ndi theka.
Ng'oma imodzi.

Ndakhala pakhonde, foni m'poto, Mwamuna pakati pa mawondo. Lero palibe wondiletsa, mudzi wonse ukulira ng'oma. Nyimbo yoyamba ndaiphonya yonse monga dzulo. Yachiwiri yafika pakati, lipenga laduka lili m'mwamba, ndipo manja anga apitiriza okha. Osati salsa, osati manganje. Du-du-pa, du-pa.

Mayi a Chisomo asuzumira pazenera, amvetsera, akuti: "Mwayamba kuitha, bambo a Chisomo." Kenako afunsa ngati alowetse mpando wansungwi uja m'nyumba.

Ndati ausiye pomwepo.