A Meya a Pansi pa Mphika

Bambo Lucjan, amene tinawaika m'manda mwezi wa Marichi, anali munthu woyenda ndi chule m'chipewa. Sindikuwonjezera. Aliyense wa kumadimba athu a m'mbali mwa njanji ku Radom anawaonapo akuvula chipewa popereka moni, chule n'kutsala pa dazi ali phee, akuphethira ngati mwini mutuwo ndi iyeyo. Ansembe anachita kuwapempha kuti pobwera ku Misa, antchito awo aziwasiya kunyumba.

Achulewo ankawatcha choncho, antchito. Iwo eni anagwira zaka makumi awiri ndi zisanu pa famu yaikulu ya maapozi, ali kapitawo wa opopera mankhwala. M'mawa wina anapeza njuchi za famu yonse zili mbwee pansi, zochita kusesa ndi tsache, ndipo kuyambira pamenepo mpope anauona ngati mdani. Atapuma pantchito anayamba kuphunzitsa za ulimi wopanda poizoni Loweruka lililonse, pansi pa mtengo wa pageti, osalandira kanthu. Panalibe amene anawapempha. Anangofika ndi bolodi ndi choko, ife n'kukhala pansi chifukwa cha ulemu, ndipo zaka khumi ndi ziwiri zinatha tikanali pomwepo.

Nkhono zopanda chigoba zikavuta, mankhwala awo anali mowa: kukwirira kapu m'nthaka, kuthiramo mowa, nkhono n'kumagweramo zokha. A Waldek, wapampando wa komiti ya madimba, sanaimve bwino nkhaniyi.

"Ndiye mukuti mowa wangawu ndipatse nkhono?"

"Theka la botolo basi."

"Nanga theka linalo?"

"Limenelo njira yake mukuidziwa kale."

Loweruka lotsatira a Waldek anadandaula kuti nkhono zamwa mowa wonse n'kuthawa. Bambo Lucjan anapita kukaona, anawerama pa kapu youma ija, n'kuloza mapazi amene anali m'dothi.

"Nkhono yanu ndi yaikulu ndithu, a Waldek. Imavala jombo."

Za nsabwe za m'masamba ankavundika masamba a chitsamba china choyabwa mumgolo kwa milungu iwiri. Tsiku lotsegula mgolo, apaulendo a m'sitima ankatseka mawindo sitima isanafike n'komwe pa mlatho. Koma nsabwe zinkathadi, ndipo chimenechi n'chimene chinkatipsetsa mtima, chifukwa tinkasowa powatsutsira.

Aliyense wobwera ku phunziro ankapatsidwa mphika wadothi wobenthuka kukamwa, wouvundikira pamthunzi, ndi chule mmodzi wokhala pansi pake. Chule aliyense anali ndi udindo. Kunali a Nduna, a Bishopu, a Jaji. Phunziro likatha Bambo Lucjan ankazungulira madimba onse, kuvundukula mphika uliwonse ndi kufunsa za moyo wa mwini nyumba. Chule akasowa, mwini dimba ankafunsidwa mafunso oposa a kupolisi.

Wa Mayi Genowefa anali a Meya.

Mayi Genowefa anali wamasiye, wopuma pantchito ku fakitale yosoka malaya, ndipo anapambana mpikisano wa kabichi wa pa tsiku la zokolola zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana. Chaka chilichonse Bambo Lucjan ankanyamula kabichi wawo m'mwamba ndi manja awiri.

"Taonani, anthu okayika inu. Popanda ngakhale dontho la poizoni. Ntchito ya manja awo ndi a Meya basi."

Mayi Genowefa ankangoyang'ana nsapato zawo, makutu ali psuu. Ife tinkati n'kudzichepetsa. Sikunali kudzichepetsa. M'kanyumba kawo ka kudimba, kuseri kwa mabotolo a nkhaka zoviika mumchere, munali kampope ndi botolo la mankhwala lokhala ndi chithunzi cha chibade.

Zinayamba chaka choyamba chenicheni. Mbozi zinadya kabichi mpaka masamba kusanduka sefa, pamene kabichi ndiye anali kunyada kwa malemu amuna awo. Anatola mbozi ndi manja mpaka msana kukana, analira, kenako anakagula botolo lija ku tauni ina kuti wogulitsa asawadziwe. Anapopera Lachinayi, tsiku limene Bambo Lucjan ankakwera basi kukaphunzitsa ana asukulu za manyowa. Anati ndi kamodzi kokha. Koma kabichiyo anapambana, Bambo Lucjan anamunyamula m'mwamba, ndipo pobwerera panasowa.

Ankapopera katatu pachaka, ndipo nthawi iliyonse mtima unkayamba kuwaweruza tsiku lisanafike. Ndiye Lachitatu ankaphika keke ya maapozi n'kukawapatsira Bambo Lucjan, ngati kupepesa mlandu usanapalamulidwe. Lachinayi popopera sankayerekeza kuvundukula mphika, kuopa kuonana maso ndi a Meya. Ankauvundukula Lachisanu, ndipo nthawi zonse ankapeza muli gwaa. Ankadziwa okha kuti mkuluyo wakwawa kukafera kwina.

Tsono Loweruka linali mawa lake. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, wa mawondo otupa, ankavala jombo za malemu amuna awo n'kutsikira ku ngalande ya kuseri kwa njanji, kukagudubuza zipika ndi miyala kufuna chule wolowa m'malo. Wina akawaona ankati akufuna bowa. Bowa m'ngalande, mwezi wa Juni.

Loweruka Bambo Lucjan ankavundukula mphika n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"A Meya aonda sabata ino."

"Ndi ntchito, bambo. Mbozi zachuluka."

"Ndipo ngati akula mphuno."

"Mwina ndi chimfine."

Ulendo wina anadzutsa mutu n'kuyang'ana Mayi Genowefa.

"Mayi, a Meya sabata yatha anali aamuna. Lero ndi aakazi."

"Kaya, bambo. Ine sindiwasuzumira."

"Zimachitika, ndale n'zovuta," anatero Bambo Lucjan, n'kuvundikira mphika bwinobwino.

Nkhaniyi Mayi Genowefa anafika nayo mpaka kokalapa. Ansembe anamvetsera, kenako anatsokomola.

"Mwana wanga, za achule sizili m'malamulo khumi. Koma bodzalo lilimo. Pita ukawauze a Lucjan."

"Abambo, simungandipatse mapemphero m'malo mwake? Ngakhale korona wa mwezi wonse."

"Ayi, ukawauze. Koma usatchule kuti wakutuma ndine. Maluwa a patchalitchi paja nanenso ndimathirako kanthu."

Sanawauze. Chaka chino, nyengo yachisanu ili pafupi kutha, Bambo Lucjan anagonekedwa m'chipatala, mtima utayamba kufooka. Mayi Genowefa anapita kukawaona, mawu onse atakonza m'basi.

"A Lucjan, pali zoti ndikuuzeni."

"Ngati ndi za a Meya musadandaule, nyengo ino ali m'tulo pansi pa nthaka." Anayang'ana m'manja mwa mayiwo. "Keke mwabweretsa?"

"Ayi, ndabwera chothamanga."

"Ndiye kuti zonse zili bwino."

Anatseka maso akumwetulira, namwino analowa, ndipo Mayi Genowefa anabwerera ndi mawu awo onse. Patapita masiku anayi tinamva uthenga.

Maliro atatha, a Waldek anafika nayo komiti yonse padimba la mayiwo, atanyamula bolodi lija.

"Phunziro la Loweruka lisafe. Tagwirizana kuti mupitirize ndinu, mayi. Ophunzira enieni a malemu ndinu, ifeyo tinali ongoperekeza."

Anasiya bolodi pakhonde n'kumapita. Mayi Genowefa anakhala nalo milungu itatu, atalitembenuzira kukhoma. Kuvomera kunali kunamiza anthu ataimirira pamalo a munthu wakufa. Kukana kunafuna chifukwa, ndipo chifukwa chinali kuseri kwa nkhaka. Mapeto ake ananyamula bolodi kupita nalo kwa Dorota, mwana wa malemu, amene anali kulongedza katundu m'kanyumba ka bambo ake. Anakonza zoti anamizire mawondo.

Dorota sanawalole n'kuyamba komwe.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Pali katundu wanu kuno."

Anawatsogolera kuseri kwa kanyumba, kumene Bambo Lucjan sankalowetsako munthu. Kunali dziwe lokumba ndi manja, lozunguliridwa ndi miyala, ndipo popeza unali mwezi wa Epulo, m'mbali mwake munali achule okhaokha, ena pamiyala, ena mitu ili tumphu m'madzi.

"Awa ndi a Meya," anatero Dorota. "Onsewa. Ena ndi ana awo."

Mayi Genowefa anagwira mpanda.

"Mukabwera ndi keke Lachitatu, bambo ankadziwa kuti mawa mupopera. Ndiye Lachinayi asanakwere basi ankadutsa kwanu, kuika a Meya m'chipewa n'kudzawasiya kuno. Lachisanu inu n'kukagwira ena kungalande. Ankati mwa ophunzira awo onse, palibe amene anawasonkhanitsira antchito ambiri ngati inu."

"Zaka zonsezi ankadziwa?"

"Kuyambira keke yachiwiri."

"Ndiye n'kumanyamula kabichi wanga pamaso pa anthu?" anafunsa mayiwo. "Bwanji osangondinyoza kamodzi, zithe?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, ine ndinapopera zaka makumi awiri ndi zisanu, wondisiyitsa sanali munthu wokalipa. Anati munthu amene amalowa m'ngalande ndi mawondo otupa chifukwa cha chule mmodzi watsala pang'ono kufika, musamukankhe. Komanso keke ija ankaikonda."

Mayi Genowefa anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo anakhala pamwala wonyowa osasamala za diresi. Manyazi amene anamva pamenepo anaposa a zaka zisanu ndi zinayi zija. Kale ankaopa kugwidwa, pamene apa anazindikira kuti anagwidwa kalekale, ndipo wowagwirayo ankangowadikira mpaka nthawi inamuthera.

Bolodi anabwerera nalo. Loweruka tinasonkhana pansi pa mtengo wa pageti, ndipo mayiwo anaika patebulo kampope ndi botolo la chibade lija. Anafotokoza zonse, kuyambira mbozi mpaka ngalande, maso ali pansi. Kenako a Waldek anakanda kumutu.

"Ndiye bowa uja anali achule?"

"Anali achule."

"Chabwino. Popeza lero n'lolapa, nkhono ya jombo ija ndinali ine."

"Zimenezo tinkadziwa," anayankha wina kumbuyo. "Khalani pansi, phunziro liyambe."

Chaka chino kabichi wa Mayi Genowefa anali wa mabowo, ndipo pa mpikisano sanatchulidwe n'komwe. Anamunyamula m'mwamba okha, ife n'kuomba m'manja mwamanyazi, chifukwa m'madimba mwathu si iwo okha amene anali ndi kanthu kuseri kwa nkhaka.

Kumadimba tsopano kuli bata lotopetsa. Mgolo umatsegulidwabe, koma sununkha ngati kale, ndipo a m'sitima amadutsa mawindo ali otsegula. Ukapatsidwa moni, chipewa chimavulidwa pamutu popanda kanthu. Mayi Genowefa anatenga chule mmodzi kudziwe kuja, ndipo wakhala pansi pa mphika nyengo yonse, yemweyo, mpaka wanenepa. Loweruka lililonse amavundukula mphikawo n'kuima pomwepo kanthawi, akuyang'ana kugeti. Kwa nthawi yoyamba a Meya ndi enieni, koma wobwera kudzawayendera palibe.