Mfuti ya a Dougie

Lolemba
A Dougie, nkhalamba yachizungu yokhala m'nyumba ya pansi pa yathu kuno ku Govan, dziko la eni, andipatsa mphatso poti ndinawakonzera mpope wa kukhitchini. Kabokosi kathabwa. Ndalandira ndi manja awiri. Kutsegula, mfuti. Yam'manja, yakalekale, ija ya kachitsulo kozungulira pakati. Akuti zipolopolo zake zinaleka kupangidwa agogo awo asanabadwe, ndiye lamulo silikaniza. Mfuti zotere ali nazo zambiri m'kabati yachitsulo.
Ndathokoza. Wamkulu sumukanira mphatso. Koma m'nyumba muno muli mwana wathu Tadala, zaka zitatu, wotsegula chilichonse. Ibwerere kwa eni ake sabata ino, iwo osakhumudwa.

Lachiwiri
Pobisa:
pamwamba pa wadiropu, Tadala amakwera
mu uvuni, ayi
m'thumba la ufa.
Ndasankha ufa. Amake Tadala aivuula ndi kapu madzulo. "Bambo a Tadala, ituluka iyo kapena ndituluka ine."

Lachitatu
Ndatsika nayo, mawu nditakonza kale. A Dougie pakhomo akufunsa ngati ndaikonda. Pakamwa payankha pokha: "Kwambiri."
Tiyi. Kenako phunziro la kapakidwe ka mafuta. Akazi awo anamwalira, ana ali kutali, wowamvetsera palibe. Ndakwera nayonso, yonyezimira.

Lachinayi
Nzeru ina: ndibweze bokosi kaye, mfuti itsatire mawa. Pang'onopang'ono. Chotengera sichibwerera chopanda kanthu, ndiye amake ayikamo mandasi.
Madzulo kugogoda. A Dougie, bokosi lili m'manja, likulemera. Akuti mwambo wathu aumvetsa ndipo ndi wabwino.
Mfuti ziwiri!

Lachisanu
Zonse zili mu sutikesi, loko, kiyi m'khosi mwanga. Ndaimbira mkulu wa mpingo. Akuti tiziike m'pemphero, koma kunyumba kwawo zisafike.
Tadala wakhalira sutikesi, akuigogoda ndi chidendene. "Whit's in there, Da?" Akufunsa kuti muli chiyani. Ndati masipanala. Akufuna aone masipanala.

Loweruka
A Dougie anditengera kukalabu yawo ya okonda mfuti kunja kwa tauni. Nkhalamba zokhazokha, zikuthira onga m'mfuti zina modekha ngati zikudyetsa anapiye. Utsi tolo, fungo ngati mazira owola. Andilola kuwombera, iwo ali pambali panga. Ndatsinzina. Pepala loti ndilase silinabooke, koma onse aomba m'manja.
Pobwerera m'galimoto ndangolankhula, maso ali pamsewu: ndikuopa mwana, sindikugona bwino. Pa maloboti anditembenukira. "Och, son," ndiye kuti aa, mwanawe. Akuti nawonso ana awo ali aang'ono ankabisa kiyi wa kabati ija mu nsapato.

Lamlungu
Zatuluka m'nyumba. Amake akuimba nyimbo za kwaya kukhitchini. Tadala wapatsidwa sipanala yeniyeni, akumanga mwendo wa tebulo.
Kubweza kokha kwakanika. A Dougie akuti mphatso ndi mphatso, mfutizo ndi zanga, iwo angondisungira. Zili m'kabati yawo, shelefu yapansi, amatapo dzina langa. Loweruka lililonse ndizitsika kukazipukuta. Ndavomera. Tiyi wawo ndi wabwino ndithu.
Pa shelefupo patsala malo ambiri. Ndawaona akupayang'ana.