Chigongono Changa pa Chimbale

Lolemba

Chimbale chafika. Wabwera nacho mwana wa Jailosi, mnzanga wakale uja ndinasiya kumuyendera. Akuti azungu ena a ku Ulaya asindikizanso nyimbo zimene tinajambula tili anyamata, ife a Mabelo Jazi, bandi ya matenanti a pa esiteti.

Mbale yakuda bii, yonunkha ngati nsapato yatsopano. Pachikuto pali Jailosi woimba, mano onse panja. Pali wang'oma, malemu. Ine pali chigongono chokha, m'mphepete. Kuseri kuli mayina. Pa besi, gitala imene ndinkaliza ineyo, alembapo Chingerezi, ndipo aphunzitsi oyandikana nafe akuti tanthauzo lake ndi "wosadziwika".

Ine wosadziwika! Azunguwo anafunsa Jailosi, ndiye kuti iyeyo ndi amene sananditchule.

Lamulungu ndikupita kwawo ku Chamama ndi galamafoni. Chimbale chikalire anthu akumva, anene yekha kuti besiyo ndi ya yani.

Lachiwiri

Zofunika:
galamafoni
singano yake
batire
jekete ya bandi (njenjete zayamba kale kuivala)

Aphunzitsi andiwerengera zina za kuseri. Akuti nyimbo zathu ndi za mtundu wa positi-panki, ndipo besi ikulira mokalipa chifukwa cha "mkwiyo wa achinyamata". Mkwiyo wanji? Zingwe zinali mawaya a mabuleki a njinga. Tinkangofuna anthu avine akalandira za fodya.

Akazi anga, aNaphiri, akusenda mtedza osadzutsa mutu: "Mkwiyowo mwaupeza muukalamba."

Lachitatu

Ku Mtunthama, kwa Che Amidu a golosale. Galamafoni ali nayo, amasungiramo mabatani ndi ulusi. Mbale yake ikuzungulirabe. Singano palibe.

"Ya makina osokera ndili nayo, achimwene, koma ikulimirani mizere." Alonjeza kufunsa msuweni wawo.

Tiyi. Nkhani ya mitengo ya fodya. Tiyi wina. Nthawi yonseyi chimbale chili pa kaliyala wa njinga, panja, padzuwa.

Chapindika. Chikuoneka ngati chipewa chokhalidwa.

Lachinayi

Fodya akauma n'kukhwinyata sitimukakamiza. Timadikira chinyezi cha m'mawa kuti afewe. Chimbale chija ndachipachika m'chigafa pakati pa masamba, kusanache.

Fodya wafewa bwinobwino. Chimbale ayi. Changonyowa, ndipo tsopano chikununkha fodya.

Tsiku lonse ndikuyeseza zokamuuza Jailosi. Kuti ndinkamunyamulira sipika pamutu mpaka ku Santhe. Kuti akaiwala mawu pakati pa nyimbo, ndine ndinkamubisa ndi besi. Ndikuyeseza mokweza, mbuzi zikundiyang'ana.

Lachisanu

Jeke yodindira mabelo a fodya. Thabwa pansi, saka, chimbale, saka, thabwa pamwamba. Moyo wanga wonse ndadinda fodya, dzanja langa limadziwa polekezera.

ANaphiri ali pakhomo la chigafa: "Bambo, si belo imeneyo."

Ndikupukusa pang'onopang'ono. Chikuwongoka! Pang'ono penanso kuti chikhale bwino.

Thwa.

Zidutswa zitatu ndi tinyenyeswa. ANaphiri angotola n'kukulunga m'chitenje ngati kanthu kamoyo.

Loweruka

Batire yabwera, yodzaza. Galamafoni yabwera pa kabaza, singano ili m'kabokosi ka machesi, ndi moni wochokera kwa Che Amidu. Zonse zilipo, kupatula chinthu choti chilire.

Ndakhala pakhonde ndi chikuto chopanda kanthu. Sindipita. Ndikanena chiyani popanda umboni?

ANaphiri akusita malaya anga osandifunsa. "Mupitebe. Ndamva kuti mnzanuyo sali bwino." Kenaka, akupinda kolala: "Chigongonocho ine ndinachizindikira musanatsegule n'komwe. Ndinkaima mbali imeneyo povina."

Ndapita kukaona mbuzi, ngakhale zinali bwinobwino.

Lamulungu

Chamama, manja lendelende. Galamafoni ndaisiya kunyumba, ndikanainyamuliranji?

Pa tebulo la Jailosi pali zimbale zina zinayi, zosatsegula, zowongoka. Galamafoni alibe.

Jailosi ali pampando, mkono umodzi uli gone pamwendo. Sitiroko. Mwana wake akuti mayina anamuthawa azungu aja asanabwere. Ngakhale mwanayo amangomuitana kuti "iwe".

Mawu onse ndinayeseza aja ndawameza. Ndamupatsa chikuto. Wachiyang'ana nthawi yaitali, wadumpha nkhope yake, waika chala pa chigongono. Wandiyang'ana. Kenaka pakamwa pake popotoka: "Dum, du-dum, dum, dum."

Besi yanga, ya nyimbo yoyamba. Ndamulandira, phazi lake labwinolo likugunda pansi, mpaka tiyi wazizira.

Dzina langa silinatuluke, ndipo pachikuto silidzalembedwa. Ndikhala wosadziwika basi.

Pokhotera pa nyimboyo Jailosi akulowabe mochedwa ngati kale. Ndamubisa ndi besi yanga yapakamwa.