Mapulagi Atatu ndi Kaboti ka ku Mughese

Lolemba, 14 Julaye 1986

Bwana wamkulu wa zankhalango akubwera Loweruka kuchokera ku Mzuzu. Kalata yanga yopempha kusamutsidwa ili pa tebulo lawo chaka chachiwiri tsopano. Mayi a Dalitso akuti akawona Julaye wina m'mapiri ano apakira okha wa ku Ntcheu, ndipo akunena izi akupinda zovala.

Nzeru ndiyi: bwana andikumbukire. Makalaliki ndife ambiri, koma wa kaboti ka injini ndine ndekha.

Kabotiko anandisiyira ndi mzungu wa za khofi pochoka. Kutalika ngati mkono. Ndikayendetsa pa damu la nazale bwana akuona. Zomwe zili m'katoni:

kachitini ka mafuta ake, onunkha nsatsi, pafupifupi theka
chingwe cholizira injini
batire limodzi laling'ono
mapulagi atatu: yotentha, yapakati, yozizira
pepala lamalangizo, mbewa zadyako ngodya

Pulagi ili ndi kawaya kopiringizika mkati. Umakayatsa ndi batire, injini ikalira umachotsa batire, kawayako nkumayakabe kokha. Pepala likuti yotentha ndi ya nyengo yozizira ndi mafuta ofooka, yozizira ndi ya mafuta aukali ndi liwiro. Kuno kukuzizira, koma mafutawa ndi aukali. Nanga nditsate ziti? Yankho liyenera kuti linali pa ngodya ija.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ndikuyamba ndi yozizira. Ndikufuna liwiro, bwana sakubwera kudzaona bakha.

Ndikukoka chingwe. Kachisanu ndi chinayi ikulira! Ndikuchotsa batire: zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu, zii, ndipo chingwe chandisupula chala.

A Kayange, mlonda wa nkhalango, munthu wa imvi zake, aima pambali manja kumbuyo. "Pole, a kalaliki. Iyi yikuwopa mphepo nga ndimwe."

Batire lafooka. Ndikuliyanika padenga lipezeko mphamvu, monga timachitira ndi a wailesi. Dzuwa kulibe. Chifunga chokhachokha mpaka madzulo.

Lachitatu, 16 Julaye

Lero ndi yapakati. Ndaganiza bwino: kuzizira kukukokera uku, mafuta akukokera uko, yapakati ndiyo yokhayo yoyenera. Ndikanayambira pomwepa.

Batire la padenga lanyowa ndi mame. A Kayange akuti tisavutike, Landirova yakufa ya pa ofesi batire lake likadali lamoyo. "Moto ni moto, bwana." Ndikuvomera. Ndilembe momveka kuti ndavomera ndine, wa satifiketi.

Kawaya kakuwala. Kuwala kokongola zedi, koyera ngati nyali ya mpope. A Kayange akuwomba m'manja. Kenako thi! Kautsi pang'ono. Mkati mwa pulagi mwatsala bowo.

Pepala likunena poyera kuti batire likhale laling'ono. Mzere umenewu mbewa sizinadye.

Mapulagi otsala: awiri. Oyenera: palibe.

Ndikukhala pa chitsa nthawi yaitali. Ndikumva chisoni chenicheni, chonga cha maliro a mbuzi yako yomwe.

Lachinayi, 17 Julaye

Ndachotsa mabatire mu wailesi ya m'nyumba. Mayi a Dalitso sakundiyankhula.

Yotentha. Kukoka kamodzi, ikulira! Ndikuchotsa batire, ikulirabe! Kaboti kakuzungulira damu pa chingwe cha nsomba, madzi akugawika, anyani a m'nkhalango akuthawa. Ndikuvina ndekha m'matope.

Vuto: ndikatsegula mafuta onse injini ikuthetheka ngati chimanga chokazinga, mutu wake nkutentha kosagwirika. Pepala likuti pulagi yotentha pa mafuta aukali sikhalitsa. Choncho lamulo: kuyiliza kamodzi kokha Loweruka, pang'onopang'ono, mphindi ziwiri basi.

Vuto lina: phokoso lafika mpaka kumsika. A tcheyamani a chipani a nthambi yathu abwera okha, ndodo m'manja. Akuti ichi ndi chitukuko, ndipo chitukuko sichikhala cha munthu mmodzi. Kaboti kalowa pa pologalamu, pakati pa pemphero ndi magule.

Lachisanu, 18 Julaye

A tcheyamani abweretsa kambendera, akuti kamangidwe kutsogolo kwa boti. Mbendera sukana. Ndamanga ndi manja awiri.

Malamulo awo:

amayi ayambe nyimbo galimoto ikangomveka
ng'oma zilire bwana asanatsike
injini nayonso ikhale ikulira kale, chifukwa mlendo salandiridwa ndi chinthu chogona

Ndikuyesa kufotokoza za kawaya. "Yayi, a kalaliki. Ng'oma zikudikira yayi, ndiye kanthu aka ndi kandani?"

Ndikufotokozanso, mofatsa, kuti pulagi yotentha ili ngati machesi. Akundifunsa ngati khadi langa la chipani ndi la chaka chino. Ndi la chaka chino. Nkhani yathera pomwepo.

Ndasita suti.

Loweruka, 19 Julaye

Bwana afika 9 koloko, akutero a tcheyamani. Tonse pa damu kuyambira 8.

9:40. Galimoto ikumveka kumusi kwa phiri. Nyimbo, ng'oma, injini! Ndi lole ya khofi. Ndikuzimitsa.

11:15. Kulira kwina. Injini! Ndi njinga yamoto ya abusa. Akutidalitsa osatsika.

12:30. A tcheyamani akuti amva kanthu. Injini! Palibe chilichonse. Akuti ndi bwino kukhala okonzeka.

1:50. Landirova yeniyeni, bwana weniweni. Ndikukoka chingwe. Ndikukoka. Ndikukokanso. Ndikumasula pulagi: bowo.

Yatsala yozizira, ija imafa ukachotsa batire. Ndiye batire lisachoke! Ndikumanga mabatire a wailesi pamsana pa boti ndi mphira wa njinga, a Kayange atanditchinga ndi jasi lawo. Abusa abweranso, pemphero likutalika, Mulungu awadalitse.

Ikulira. Ndikukasiya.

Sindinaonepo liwiro lotere. Pulagi yozizira ikapsa mtima ndi chilombo! Chingwe cha nsomba chija chaduka. Kaboti kakulunjika pakati pa damu, amayi akululutira, bwana aimirira pa mpando. Kenako mphira wasuntha, mabatire apendekera mbali imodzi, injini zii. Kaboti kakugona chammbali. Kambendera kakuweramira kumadzi, pang'onopang'ono, pamaso pa chipani chonse ndi apolisi awiri.

Ng'oma zaleka zokha.

Sindikukumbuka kuganiza. Ndili m'madzi mpaka m'khosi, suti, tayi, nsapato za ukwati. Dzanja limodzi m'mwamba, kambendera kouma. Boti lapita pansi ndi mabatire a mayi a Dalitso.

Nthungululu! A tcheyamani akuuza aliyense kuti zinali pa pologalamu.

Bwana akundigwira chanza, ine mano akugundana. Akufunsa dzina langa, akulilemba m'kabuku. Mtima ukuti myaa. Kenako akutembenukira kwa anthu:

"Kalaliki uyu anapempha kuchoka kuno. Koma taonani mmene akukondera malo ano ndi dziko lake! Anthu otere ndi amene timawafuna m'malire. Tingalakwe kwambiri kumuchotsa."

Anthu akuwomba m'manja. Nanenso ndikuwomba, nditani nanga.

Lamulungu, 20 Julaye

Chimfine. Kutchalitchi sindinapite, koma ndamva kuti ndatchulidwa mu ulaliki.

A Kayange avuula boti ndi khasu la nazale. Abwera nalo atalikulunga m'masamba a nthochi, alikhazika pakhomo mwaulemu. "Mwaghona, a kalaliki. Sono ndimwe wakwithu." Akuti tsopano ndine wakwawo, ndipo akunena ndi mtima wabwino, ndicho chikundiwawa.

Zotsala:

pulagi yozizira, yamoyo, yosafuna kugwira ntchito
mafuta supuni zitatu
suti yonunkha achule
wailesi yosalankhula

Mayi a Dalitso amasula mtolo wawo, zovala abwezera m'sutikesi ya pansi pa bedi. Sanakalipe. Angofunsa kuti mbewu ya khofi imagulidwa kuti, ndiponso imatenga zaka zingati kuti ibereke.

Ndawauza kuti zinayi. Akuti nthawi ilipo.