Tsiku Limene Ndinalowa M'chithunzi cha Agnesi

Amene akuti ndimanama anyamuke pompano, akafunse Golomoti yense ngati alipo munthu wina amene analowapo m'chithunzi ndi miyendo yake iwiri n'kutulukamo wamoyo, kupatula ine Zefaniya.

Mwana wanga Agnesi ankafunsira malo kusukulu ya unamwino, ndipo fomu ya pa intaneti inkafuna chithunzi chake, tsiku lotseka lili lomwelo. Ine ndinati mwana wa mlimi wa ku Bwanje sangajambulidwe atatsamira khoma ngati wamasiye, akuluakulu a sukuluyo aone kumene akuchokera. Ndiye ndinaunjika kumbuyo kwake matumba onse a mpunga, ndinakokerapo mbuzi, njinga, ngolo ndi ng'ombe zake, ineyo n'kuima pambali pake nditavala jekete yanga ya pa Khirisimasi. Chithunzi chinatuluka chokongola, koma poti tichitumize, foni inangoti chakula kwambiri, kenaka inatentha, inayamba kubuula, ndipo nsanja ya netiweki ya ku Mtakataka inapendekera mbali yathu mpaka akhwangwala amene anatera pamwamba pake anatsetsereka onse. Mukumva?

Agnesi anakhala pansi misozi ili mbwembwembwe. Apo mtima unandipweteka, sindibisa. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, n'kulowa m'foni kudzera pabowo lotchajira, mutu patsogolo, ndipo m'katimo ndinayamba kusenza matumba awiriawiri n'kumaponya panja, ng'ombe ndinazitulutsa chafutambuyo chifukwa nyanga sizimakwana, mbuzi imodzi inandipulumuka n'kukadya mameseji a mwezi wathunthu, mitambo ndinaipinda ngati chitenje, mapiri a Dedza amene ankasuzumira kumbuyo ndinawakankha ndi phewa, ndipo mukatuluka panja muwayang'ane, mpaka lero ali pomwe ndinawasiya. Ndikanama ndithyole mwendo.

Agnesi atayesanso, foni inakanabe. Ndinayang'ana uku ndi uku, m'chithunzimo munalibenso kanthu, tinangotsala awiri, ine ndi mwana wanga. Ndinamva mawu ake kuchokera kunja.

"Ababa, akufuna nkhope yanga yokha."

Chiyambire tsiku limene ndinamutenga kuchipatala ku Mua ali kakhanda, ndinali ndisanachokepo pambali pake. Komabe ndinakoleka jekete paphewa n'kutuluka, ndipo chidendene changa chisanaponde pansi, chithunzi chinali chitapita kale.

Lero Agnesi ndi namwino, ndipo akabwera kumudzi amauza anthu kuti anangodula chithunzicho ndi zala ziwiri n'kuchichepetsa, ine ndili pampando ndikukana kuti asandichotsemo. Musamumvere. Zala ziwiri zingatulutse ng'ombe? Nanga msana ukundiwawawu unachokera kuti? Chimodzi chokha ndikuvomera: matumba aja anali opepuka, katundu wolemetsa m'chithunzi chija ndinali ine.