A Gogoda ndi Injini Yopsa

A Gogoda, makaniko a pakona paja, sankakhulupirira chinthu asanachigogode. M'thumba la ovololo yawo munkakhala kasipanala, ndipo poto, mpando, chitseko cha tchalitchi, zonse zinakalawa. Ankagogoda kawiri, n'kupendeketsa mutu, n'kutsinzina. Akati "chili bwino," munkagula osawiringula. Akangoti "mmm," munkachisiya pomwepo ngakhale wogulitsa alire. Amati tsiku lina anagogoda pulasitala wa pamwendo wa mnzawo, n'kunena kuti fupa silinagwirane, ndipo atamujambula zinapezeka zoona.

Amene ankawaopa kwambiri anali mkamwini wawo, dalaivala wa minibasi. Injini yake inali itafa, galimoto ili pamiyala miyezi inayi, ana akudya kamodzi patsiku. Atamva kuti kwa wogulitsa zitsulo zakale kuli injini yotchipa, yochokera m'galimoto imene inapsa pamsewu, anawatenga apongozi akewo kuti akaione.

Inali yakuda bii, mawaya atasungunuka ngati phula, fungo la utsi lisanathe. A Gogoda za mtengo sanafunse n'komwe.

"Motowo anazimitsa ndi chiyani?"

"Madzi, madala," anatero wogulitsa monyadira. "Anthu anathamanga ndi ndowa, nthawi yomweyo moto zii."

"Chitsulo chili psuu, iwo n'kuchithira madzi ozizira?"

"Nanga akanathira tiyi?"

Kasipanala kanatuluka. Go, go. A Gogoda anati "mmm." Anazungulira mbali ina, go, go, n'kunenanso "mmm." Palibe amene anamvapo "mmm" awiri pa chinthu chimodzi. Koma njala ya ana inamugonthetsa mkamwini m'khutu. Mawa lake injini inafika pangolo pakhomo pa apongozi.

A Gogoda sanakalipe. Analowa m'nyumba n'kuzula galasi la pazenera la kuchipinda, akazi awo akukuwa kuti udzudzu uwamaliza. Anamasula hedi, chigawo chapamwamba cha injini, n'kugoneka galasilo pahediyo, kenako anatenga lezala n'kulilowetsa pansi pa galasi. Linalowa ngati pakhomo pake.

"Akamwini, hediyi yapindika. Imeneyi tikhoza kuipala. Koma m'kati mwa bulokomu, thunthu la injinili, muli mng'alu. Sindikuuona, ndikuumva."

"Bambo, mwina ndi mwaye chabe."

"Mwaye sulira choncho."

Mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwiniyo, ndiye anawagonjetsa. Anabwera ndi khanda kumsana, n'kukhala pansi pagaraja mpaka dzuwa kupendeka. A Gogoda anausa moyo n'kuvula wotchi. Kwa masabata atatu anasintha magasiketi, mapaipi ndi mawaya onse, akung'ung'udza ngati munthu wosambitsa maliro a mdani wake. Tsiku loiyesa injini inalira kamodzi n'kamodzi, bwino kuposa kale. Anthu anaomba m'manja. A Gogoda anamukokera mkamwini pambali.

"M'mawa uliwonse muzisolola kachitsulo koyezera oyilo. Tsiku limene oyilo adzaoneke ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti mng'alu watseguka, madzi alowa. Musadzanyamule munthu. Injini ikadzazima pamtsetse, mabuleki adzauma ngati mwala. Ndipo ine galimoto imeneyi sindikwera ndili moyo."

Mawu awo anawasunga. Mvula ina inawapeza akuchokera kumsika, mkamwini n'kumawatsatira pang'onopang'ono, chitseko chili chotsegula.

"Bambo, kwerani, mudwala."

"Chimfine ndimachidziwa, akamwini. Pitani."

Sichinali chimfine chimene chinawatenga. Anagwa pagaraja masana ena ali ndi pulagi m'manja. Tsiku la maliro galimoto yonyamula bokosi sinabwere, ndipo abale atayang'anayang'ana anapeza kuti pakhomo pali minibasi ya mkamwini yokha. Anazula mipando yakumbuyo. Mlongo wa a Gogoda, misozi ili chuchuchu, anati, "Achimwene sananame, ali moyo sanakwere." Anthu anaseka mobisa m'mipango.

Kusekako kunatha pamsewu wa mabampu. Akazi awo anali atawaikira kasipanala kaja m'bokosi, ndipo galimoto ikadumpha, m'katimo munkamveka go, go. Nyimbo inadukira pakati. Mkamwini anagwira chiwongolero thukuta lili kamukamu, akudikira "mmm." Ulendo wa mphindi khumi unatenga ola lathunthu.

Pakona paja lero pali zii. Anthu akugula mapoto odontha ndi njinga zowotcherera, popanda wowachenjeza. Makaniko atsopano amangoyang'ana chinthu n'kunena kuti chili bwino, chifukwa ndi zimene kasitomala amafuna kumva. Mkamwini amawasowa apongozi ake kuposa mmene ankaganizira. Injini ikasintha kaliridwe, amatembenuka kuti afunse, n'kupeza palibe womufunsa.

Lolemba lapitali anasolola koyezera oyilo monga mwa masiku onse. Anakayang'ana nthawi yaitali, anakapukuta, anakabwezera, n'kukasololanso. Mtundu unali womwewo, wotuwira ngati tiyi wamkaka. Mkazi wake anatuluka ndi ana awiri atavala yunifolomu, n'kunena kuti achedwa, awasiye kusukulu popita.

"Lero ayende pansi," anatero.

"Bwanji?"

Anapukuta kachitsuloko pathalauza n'kuliza injini. Pasiteji ya pamwamba pa mtsetse panali anthu khumi ndi asanu akumudikira, ndipo onse anakwera.